Trap inachokera kuti, nanga 808 yanga ikusoweranji pa foni?

Mphatso 808:
Akuluakulu muli bwanji. Ndabwera ndi zinthu ziwiri, vuto ndi mkangano. Vuto ndi loti ndachezera usiku onse kupanga biti ya trap pa laputopu, pa mahedifoni 808 ikugunda bwinobwino mpaka kuimva m'chifuwa, koma nditamutumizira mnzanga akuti pa foni yake bezi kulibe, akungomva ma hi-hat okha tsitsitsi. Mkangano nde unali dzulo ku situdiyo, wina akuti trap anayambitsa ndi a Migos, wina akuti ayi ndi T.I., wina akuti trap si mtundu wa nyimbo koma kapangidwe ka biti basi. Odziwa tithandizeni, ine zimandiwawa kupanga chinthu tsiku ndi tsiku osadziwa komwe chinachokera

Achimwene Kondwa:
Amene ananena za Migos uja ali ndi zaka zingati? Versace, nyimbo yomwe inatchukitsa a Migos, inatuluka 2013 mfana wanga, nthawi imeneyo trap inali itatha kale zaka 10 ili ndi dzina pa chimbale. Tiyambe ndi liwulo. Trap pa Chingerezi ndi msampha, ndipo ku Atlanta, mzinda wa ku Georgia kummwera kwa America, anyamata ankatchula choncho nyumba kapena pakona pomwe amagulitsirapo mankhwala ozunguza bongo, makamaka crack. Nde poyamba penipeni trap anali malo, munthu ankati ndili ku trap ngati mmene wina anganenere kuti ndili ku geni. Liwuli likumveka kale mu nyimbo za Goodie Mob pa chimbale chawo Soul Food cha 1995, komanso kwa OutKast pa Aquemini mu 1998, koma mabiti awo anali odzadza soul ndi funk, magitala ndi malipenga, kutali kwambiri ndi zomwe ukupanga iwe pa laputopu.

Mphatso 808:
Ndekuti T.I. sanayambitse?

Achimwene Kondwa:
T.I. anapereka dzina ku nyimbozo. Chimbale chake chachiwiri anachitcha Trap Muzik, chinatuluka August 2003, ndipo iye mpaka lero amanena poyera kuti trap anayambitsa ndi iyeyo, Gucci Mane naye anatsutsapo. Koma ukachimvera chimbalecho udabwa, sichikumveka ngati trap ya lero. DJ Toomp anapanga 24's, David Banner anapanga Rubber Band Man, mpaka Kanye West ali ndi mabiti mmenemo a ma sample a soul. Chomwe chinapangitsa kuti chikhale trap ndi nkhani zomwe T.I. ankanena, moyo wa mnyamata wa ku Bankhead amene wakulira pakati pa geni imeneyo.

Tadala ATL:
Pepani kulowerera, ine ndimakhala konkuno ku Atlanta chaka cha 7 tsopano nde nkhaniyi imandikhudza. Bankhead akutchula achimwenewa ili kumadzulo kwa tauni, msewu waukulu womwe unkatchedwa Bankhead Highway anausintha dzina pano ndi Donald Lee Hollowell Parkway. Ndipo mukamamva oimba akuti Zone 1, Zone 6, amenewo ndi magawo a apolisi, momwe polisi ya Atlanta inagawira mzindawu poyendera. Bankhead ili mu Zone 1, East Atlanta kwa Gucci Mane ndi Zone 6. Ine nditamva zimenezi koyamba zinandikhudza mtima, anthu kumadzitchula kwawo ndi nambala yomwe anawapatsa ndi apolisi.

Chifukwa chake geni imeneyi inakula kuno chilipo. Misewu ikuluikulu itatu, I-75, I-85 ndi I-20, imakumana mu Atlanta muno, katundu wochokera ku Florida ndi ku Texas amadutsa pompano popita kumpoto ndi kummawa. Crack italowa m'ma 1980 inapeza madera a anthu akuda omwe ntchito zinali zitasowa kale. Kenako lamulo la 1986 linati ukapezeka ndi magalamu 5 a crack ndi zaka 5 kundende osachepera, pomwe wa cocaine wa ufa amafunika apezeke ndi magalamu 500 kuti alandire chilango chomwecho, ndipo crack yotchipayo inali ya osauka. Kusiyana kumeneku anakuchepetsa mu 2010 nthawi ya Obama, kuchoka pa 100 kwa 1 kufika pa 18 kwa 1. Nde liwu loti msampha silinabwere mwangozi ayi, umalowa kufuna ndalama ya lendi, potuluka ndi kundende kapena kumanda, ndipo ukatuluka kundende ndi mbiri yamlandu palibe akulemba ntchito, ubwerera komweko.

Yamikani:
Zonse mwanenazi ndi zoona koma mukuwalakwira anthu a ku Memphis. Dzina ndi la Atlanta, sindikukana, koma kamvekedwe kaja kamdima, mabelu oopsa ngati filimu ya mizukwa, hat zothamanga, bezi yolemera, anyamata a ku Memphis ku Tennessee ankapanga kale koyambirira kwa ma 1990 pa makaseti ojambulira kunyumba. DJ Spanish Fly, kenako DJ Paul ndi Juicy J a Three 6 Mafia, Tommy Wright III. Kamvereni Mystic Stylez ya 1995 nde mubwere mundiuze. Ndipo flow ija anthu amati ya Migos, Lord Infamous ankaigwiritsa ntchito a Migos akadali ana akukwawa.

Chisomo wa ku Joni:
Flow yake iti aise, tifotokozereni ife osapanga nyimbo

Yamikani:
Ma triplet. Pomwe munthu akanaika masilabulo awiri kapena anayi pa kugunda kumodzi, iye akuika atatu, nde zimamveka takata takata takata ngati hachi ikuthamanga. Bone Thugs-n-Harmony a ku Cleveland nawo ankachita. Migos anangoipanga kuti ikhale nyimbo yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, Versace itaphulika ndipo Drake atalowapo pa remix aliyense anayamba kurapa choncho. Komanso musaiwale kuti ma pulodyusa ena omwe anamanga Atlanta ndi a ku Memphis, Drumma Boy amene anapanga Put On ya Jeezy mu 2008 kwawo ndi konko.

Achimwene Kondwa:
Pamenepo sindikutsutsa Yami. Onjezeraponso Miami bass ya m'ma 1980 yomwe inaphunzitsa kummwera konse kukonda 808, Mannie Fresh ku New Orleans ndi ma hat ake ku Cash Money, UGK ku Texas omwe ankanena nkhani za geni yomweyi, ndi crunk ya Lil Jon mu Atlanta momwemo. Mtsinje umadzadza ndi timifuleni. Koma pomwe zonsezi zinakumana nkukhala chinthu chimodzi chodziwika ndi 2005, chaka chimenecho ine ndinali nditayamba kale kuika nyimbo m'mapate nde ndikukumbukira momwe zinasinthira. Young Jeezy anatulutsa mixtape ya Trap or Die ndi DJ Drama, kenako chimbale Let's Get It: Thug Motivation 101, mabiti ambiri olemera mmenemo ndi a Shawty Redd, ma synth amdima, malipenga abodza a pa kiyibodi, hat zikuthamanga pamwamba bezi ikukoka pansi. Chaka chomwecho Gucci Mane anatulutsa Trap House, muli Icy yopangidwa ndi Zaytoven. Ukafuna kudziwa agogo ake a biti yako Mphatso, ndi Shawty Redd, Toomp ndi Zaytoven.

Dalitso Mix:
Mbiri mwaikamba bwino, ine ndithandize mfanayu pa vuto lake chifukwa limagwirizana ndi mbiri yomweyo. Mphatso, ukudziwa kuti 808 ndi chani kwenikweni?

Mphatso 808:
Ndimangodziwa kuti ndi bezi ya mu drum kit yomwe ndinapatsidwa pa flash akulu

Dalitso Mix:
Ndi dzina la makina. Roland TR-808, kampani ya ku Japan ya Ikutaro Kakehashi inatulutsa mu 1980 nkusiya kupanga mu 1983, onse pamodzi anapanga pafupifupi 12,000 basi. Pa msika sanayende bwino chifukwa ng'oma zake sizinkamveka ngati ng'oma zenizeni, mkati mwake munalibe mawu ojambulidwa, ndi magetsi okha amapanga phokosolo, pomwe makina a Linn anali ndi ma sample a ng'oma zenizeni ndipo oimba a ndalama ankafuna amenewo. Nde ma 808 anatsika mtengo nkugwera m'manja mwa anyamata opanda ndalama. Mu 1982 Marvin Gaye anaigwiritsa ntchito pa Sexual Healing, Afrika Bambaataa pa Planet Rock.

Chinsinsi chili pa kick yake. Pali kabatani ka decay, ukakapotoza kick siimangoti du nkutha, imalira nthawi yaitali duuuum, ndipo kulira kumeneko kuli ndi noti yake ngati chingwe cha bezi gitala. Anthu akummwera anazindikira kuti ukaijambula nkuika pa sampler ukhoza kuimba nayo manoti osiyanasiyana, nde ng'oma yomweyo yasanduka bezi. Lero tikamati 808 tikunena kulira kumeneko, ma pulodyusa ambiri a trap makina enieniwo sanawagwirepo nkomwe.

Tsopano vuto lako. 808 yoyera imakhala pansi kwambiri, cha m'ma 40 mpaka 60 Hz (muyezo wa kutsika kapena kukwera kwa mawu). Kuti mawu otsika choncho amveke sipika iyenera kukankha mpweya wambiri, kasipika ka foni kochepa ngati chikhadabo sikangathe. Ku Atlanta nyimbozi ankapangira magalimoto okhala ndi ma woofer kubuti ndi makalabu, sankaganiza za foni. Mankhwala ake ndi saturation kapena distortion pang'ono. Ukaipotoza choncho noti ya 50 Hz imabereka ana ake pa 100, 150, 200 kumapita mmwamba, foni imatha kutulutsa ana apamwambawo ndipo khutu la munthu likamva anawo limadzimalizira lokha kuti mayi wake ali pansi. Mu FL Studio, pulogalamu yopangira mabiti ija, ika Fruity Soft Clipper kapena Fast Dist pa channel ya 808, onjezera pang'onopang'ono uku ukumvera pa foni yakoyo, osati pa mahedifoni. Ikhale mono, ndipo onetsetsa kuti noti imodzi ikudula inzake, zikamalira ziwiri nthawi imodzi pansipo pamangokhala matope.

Mphatso 808:
Eeee akulu izi nde sukulu. Nanga tempo? ine ndimaika 140 koma mnzanga amati trap ndi 70

Dalitso Mix:
Nonse mukunena chimodzi. Ika 140, koma snare kapena clap igwe pa kugunda kwachitatu kokha mu bar iliyonse, osati pa 2 ndi 4. Mutu wa munthu umagwedera pa 70, pang'onopang'ono, pomwe ma hat akuthamanga pa 140 ndi kupitirira, 1/8, 1/16, kenako ma roll a 1/32 ndi ma triplet apo ndi apo. Kukoma kwa trap kuli pamenepo, pansi pakuyenda mwaulemu ngati munthu wonyamula katundu wolemera, pamwamba pakunjenjemera ngati chisekese. Pakati pamatsala malo ambiri opanda kanthu, nde mpamene woimba amaponyamo ma ad-lib aja, timawu tatifupi tomwe amakuwa pakati pa mizere. Anyamata ambiri kuno mumalakwitsa podzadza pakatipo ndi zida 15, woimba kusowa popumira.

Madala Gondwe:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimaimba limba kutchalitchi zaka zoposa 30 ndipo za ma triplet mukunenazo sizachilendo kwa ife, ng'oma zathu zambiri zimayenda patatu pamwamba pa pawiri kuyambira kale. Luso ndikuliona. Koma mtima wanga sukhazikika. Mwanena nokha kuti dzinali ndi la nyumba yogulitsira mankhwala omwe anapha anthu ndi kupasula mabanja. Nanga nyimbo zimenezi zikulira maliro a anthuwo kapena zikutamanda ogulitsawo? Mdzukulu wanga wazaka 14 amaimba mawu a nyimbozi osadziwa tanthauzo, tsiku lina ndinamufunsa kuti ukunena chiyani, anangoseka. Zimenezi zimandipweteka.

Achimwene Kondwa:
Madala funso lanu ndi lolemera ndipo sindikunamizani kuti zonse ndi zoyera. Zilipo zotamanda, zambiri. Jeezy ankadzitcha Snowman, chipale choyeracho chikuimira cocaine, ndipo mu 2005 malaya okhala ndi chithunzi chimenecho anawaletsa m'masukulu ena ku America. Rick Ross mu 2010 anaimba B.M.F. kutchula Big Meech, mtsogoleri wa gulu la Black Mafia Family amene anali atalamulidwa kale zaka 30 kundende mu 2008. Zimenezo sitingazibise. Koma pa Trap Muzik pomwepo pali nyimbo zomwe T.I. akulangiza achichepere kuti asatsate njira yake, pali zopepesa kwa ana ndi kwa omwe anamwalira. Zimbale zoyambazo zinali ndi mantha mkati, munthu akudzitama koma ukumva kuti sagona tulo. Chomwe chimandidandaulitsa ine nchoti pamene biti inafalikira dziko lonse, manthawo anatsalira ku Atlanta, kunja kunangopita kudzitamako.

Tadala ATL:
Madala ndikugwirizana nanu mbali ina. Ine ndinapitako ku Trap Music Museum yomwe T.I. anatsegula mu 2018, anthu amalipira kulowa nkumajambulitsa mu khitchini yoyerekeza yophikira mankhwala, kenako mu chipinda choyerekeza cha ndende. Ndinatuluka mutu uli balala. Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito anakulira ku Bowen Homes, nyumba za boma zomwe anazigwetsa mu 2009, mchimwene wake anapita ndi crack yomweyo. Iye amati sangapondeko, koma mwana wake wamwamuna amapanga mabiti ndipo ndi zomwe zamuchotsa pa msewu. Banja limodzi, mbali ziwiri.

Ndipo malo omwe nyimbozi zinabadwira akutha. Kuyambira pa Olympics ya 1996 pomwe anagwetsa Techwood Homes, mzindawu unapitiriza kugwetsa nyumba za boma zikuluzikulu zonse, anthu anabalalika kupita kunja kwa tauni, madera ena omwe amatchulidwa mu nyimbo lero lendi yake wobadwira konko sangaikwanitse.

Yamikani:
Madala mwina ichi chikusangalatsani. Zaytoven amene tamutchula uja ndi mwana wa m'busa, anabadwira ku Germany bambo ake ali msilikali, anakulira ku California, ndipo anaphunzira kuimba limba ndi piyano kutchalitchi. Atasamukira ku Atlanta ankameta anthu mu barbershop uku akupanga mabiti kunyumba kwa makolo ake, ndipo olo atatchuka anapitiriza kuimba kutchalitchi Lamulungu. Mukamvera mabiti ake a Gucci Mane kapena mixtape ya Beast Mode ya Future ya 2015, zala zikuthamanga pa piyano zija ndi za gospel yeniyeni. Versace ya Migos anapanganso ndi iyeyo.

Madala Gondwe:
Zimenezo sindimadziwa. Ndikamufunsa mdzukulu wangayo andiikire ndimve zala zakezo. Koma funso langa likadalipo, munthu wa Mulungu kupereka luso lake ku mawu otere.

Yamikani:
Likadalipo madala, ndipo anthu akwawo konko amamufunsa zomwezo.

Chisomo wa ku Joni:
Nanga zinatheka bwanji kuti nyimbo za m'makona a Atlanta zifike mpaka kuno ku Tembisa mu taxi iliyonse? Wailesi inkaziika?

Achimwene Kondwa:
Poyamba wailesi inkabwera pambuyo. Njira zinali ziwiri, ma mixtape ndi makalabu. DJ Drama ndi Gangsta Grillz zake ankatulutsa ma CD omwe ankagulitsidwa m'misewu ndi m'mashopu ang'onoang'ono, mpaka January 2007 apolisi anathyola situdiyo yake nkumumanga limodzi ndi Don Cannon, kulanda ma CD masauzande ambirimbiri. Zitatero ma mixtape anasamukira pa intaneti, aulere, ndipo Gucci Mane ankatulutsa motsatizana osapuma olo ali kundende. Nde mwana wa ku Blantyre kapena ku Lusaka wokhala ndi kabandulo ankapeza nyimbo tsiku lomwelo ndi mwana wa ku Georgia.

Tadala ATL:
Za makalabu ndinene ine mosabisa, ndi makalabu a atsikana ovina, lotchuka kwambiri ndi Magic City lomwe linatsegulidwa mu 1985. Kuno aliyense amadziwa kuti nyimbo yatsopano imayesedwa kumeneko, DJ akaiika ovina nkuikonda ndalama nkuyamba kuuluka, mawa lake ma label amva. Ndi chifukwa china bezi imakhala yolemera choncho ndipo tempo siithamanga.

Dalitso Mix:
Kenako 2010 kunabwera Lex Luger, ndipo apa Mphatso tchera khutu chifukwa ndi mnzako. Mnyamata wa ku Suffolk ku Virginia, zaka 19, laputopu ndi FL Studio yomweyi uli nayo iweyo. Anapanga Hard in da Paint ya Waka Flocka Flame ndi B.M.F. ija ya Rick Ross, chaka chotsatira H.A.M ya Kanye West ndi Jay-Z. Zingwe ndi malipenga ngati gulu lankhondo likubwera, kiyi ya minor, ma snare roll, hat ngati mfuti. Aliyense anayamba kumukopera, ma drum kit olembedwa dzina lake anadzadza intaneti, mwina kit uli nayo pa flash yakoyo ina mwa mawu ake inachokera mmenemo. Kuyambira pamenepo munthu sankafunikanso situdiyo ya ndalama kuti apange trap.

Pambuyo pake Southside ndi 808 Mafia, Mike WiLL Made-It, ndi Metro Boomin wa ku St. Louis amene anabwera ku Atlanta kudzaphunzira ku Morehouse College nkusiya sukulu chifukwa cha mabiti. Iwowa anachepetsa phokoso la Lex, anasiya malo ambiri, kamelodi kamodzi kozungulira, 808 yopotozedwa komanso yotsetsereka kuchoka pa noti ina kupita ina. Mvera DS2 ya Future ya 2015, kenako Mask Off ya 2017 ndi chitoliro chija. Future ndi Young Thug anabweretsanso kuimba kwa Auto-Tune, mawu osamveka bwino koma omva kuwawa, ena nkumati mumble rap.

Chisomo wa ku Joni:
Kuno inafika mwamphamvu 2015 ndi Roll Up ya Emtee, kulikonse unkapita inali yomweyo. Iye ndi Sjava ndi Saudi anadzitcha African Trap Movement, ndipo chomwe ndinakonda nchoti Sjava sanayese kukhala wa ku Atlanta, amaimba Chizulu chakumudzi pamwamba pa 808, nkhani za amayi ake, za anthu ochoka kumudzi kudzasaka ntchito mu Joni, ife obwera timazimva mpaka mumtima olo chilankhulo tisakuchidziwa chonse. Nasty C mpaka anadzaimba ndi T.I. mwini wake mu 2020 pa They Don't. Pano amapiano yalanda malo koma log drum ija ikamagunda ine ndimamva kuti khutu la anthu linazolowetsedwa kale ndi 808.

Yamikani:
Nde tibwerere ku mkangano wa ku situdiyo kwa Mphatso. Wachitatu uja anati trap ndi kapangidwe ka biti basi, ine ndikuti lero akunena zoona. Harlem Shake ya Baauer yomwe inavuta 2013 ankaitcha trap, mulibe olo liwu limodzi la geni, ndi nyimbo ya ma DJ a EDM, nyimbo zovinira za pa kompyuta. Bad Bunny ndi Anuel AA ku Puerto Rico ndi Latin trap. Ariana Grande pa 7 rings ndi ma hat omwewo. Old Town Road ya Lil Nas X inakhala nambala 1 pa Billboard masabata 19 mu 2019, biti yake anagula pa intaneti madola 30 kwa mnyamata wa ku Netherlands, YoungKio, nyimbo yake ya mahachi. Msampha uli pati pamenepo? Liwu linasamuka, likutanthauza hat ndi 808.

Achimwene Kondwa:
Apa nde tisiyana Yami. Kuti anthu akulitchula choncho sindikukana, koma ine sindingavomere kuti tanthauzo loyamba lafafanizika, chifukwa kwa eni ake silinathe. Taona Young Thug, May 2022 anamangidwa ku Fulton County pa mlandu wa gulu lake la YSL, oimira boma anawerenga mawu a nyimbo zake m'khoti ngati umboni, anakhala m'chitolokosi mpaka October 2024 pomwe anavomera milandu ina nkutuluka. Takeoff wa Migos anaomberedwa ku Houston mu November 2022 ali ndi zaka 28. Mnyamata wa ku Netherlands akugulitsa biti ali phee kuchipinda kwake, amene anabweretsa kamvekedweko akuikidwa m'manda kapena akuyankha milandu. Nde ine ndikamva wina akuti trap ndi hat basi zimandiwawa, ngati munthu wavala malaya a malemu osafunsa kuti anali a ndani.

Yamikani:
Ndakumvani achimwene, ndipo za Takeoff zinandipweteka inenso. Koma simungamuletse mwana wa ku Area 25 kugwiritsa ntchito 808 chifukwa sanagulitsepo crack.

Achimwene Kondwa:
Sindikumuletsa, Mulungu amuteteze asadzagulitse. Ndikungoti adziwe, ndipo asanamizire. Chimandinyansa ndi mfana woti akukhala kwa amayi ake ku Chilomoni nkumaimba za mfuti ndi makilo omwe sanawaonepo, Chingerezi chobwereka, pomwe pakhomo pake pali nkhani zokwana zimbale 10. T.I. ndi Gucci anatchuka chifukwa ankanena za msewu wawo, mayina a makona awo, katchulidwe kawo komwe anthu a ku New York ankakaseka. Gucci yemweyo anatuluka kundende mu 2016 atasiya mankhwala, ataonda, kenako anakwatira, nkumanena poyera kuti moyo uja unkamupha.

Madala Gondwe:
Apa mwana wanga Kondwa walankhula zomwe zinali mumtima mwanga. Misampha tili nayo yathu, katapila, kubetcha kwa mpira komwe kwatenga anyamata, kachasu, mwana kumaliza sukulu nkukhala zaka 5 akuyenda ndi envelopu. Woimba atandiimbira zimenezo pa ng'oma yanu yolemerayo ndikhoza kukhala pansi nkumvera.

Mphatso 808:
Akuluakulu ndabwerera, dzulo magetsi anathima nde ndayesa mmawa uno. A Dalitso ndaika Soft Clipper ndi distortion pang'ono, pa foni tsopano ikumveka, siikugunda ngati pa mahedifoni koma manoti onse akumveka bwinobwino. Ndapezanso vuto lina lomwe sindimalidziwa, melodi yanga ili mu F minor koma sample ya 808 sinali pa C ngati mmene ndimaganizira, nde manoti onse a bezi anali pambali, nchifukwa chake biti imamveka ngati yadwala. Ndaichuna ndi tuner pano zagwirana.

Za mawu nde mwandipatsa ntchito. Amene aimbe pa bitiyi ndi mkulu wanga, amayendetsa kabaza wanjinga yamoto ya bwana wina, tsiku lililonse ayenera kupereka ndalama ya bwanayo kaye olo kugwe mvula, zotsala nde zake, chaka chachitatu tsopano njinga siikhala yake. Anali atalemba vesi ya ma Glock, ndamuwerengera zomwe mwalemba apa wakhala chete kenako wati tiyambirenso.

Dalitso Mix:
Zabwino. Ma hat usawaike onse mphamvu imodzi, ena atsike velocity kuti apume, ndipo ma roll asakhale bar iliyonse. Kick ngati ukuiika pamwamba pa 808 ikhale yaifupi, zikamalimbana tsitsa poyambira pa 808 pang'ono. Ukamaliza nditumizire WAV osati ya pa WhatsApp, ija imaphwanya bezi.

Madala Gondwe:
Mphatso, F minor ndi kiyi yabwino pa limba. Ngati mukufuna zala za kutchalitchi ngati za mnyamata wa m'busa uja, Loweruka kwaya imatha 4 koloko, bwera ndi mkulu wakoyo ndi laputopu yako, koma mawuwo ndiyambe ndawamva kaye.

Mphatso 808:
Tibwera madala, zikomo kwambiri. A Dalitso kiyibodi ya kutchalitchi ndingailumikize bwanji ku laputopu, ndilibe sound card

Dalitso Mix:
Yang'ana kumbuyo kwake ngati ili ndi USB yolembedwa to host, ikakhalapo chingwe cha printer chomwechi chikwana, ujambula MIDI nkusankha piyano mu FL. Ikakhala yakale ya mabowo ozungulira a mapini 5 undiuze Lachisanu ndikubwereke sound card yanga.